Liwiro la Kamtedza

Ufumu wa Sitinagonje sunagonjepo pa nkhondo, ndipo limeneli si bodza, pakuti sunamenyepo nkhondo. Asilikali analipo, mazana anayi, a nsapato zonyezimira ndi mimba zooneka bwino. Mfuti yaikulu inaliponso pabwalo la nyumba yachifumu, ndipo nkhuku ya mkazi wa mlonda inkaikiramo mazira. Kutsidya kwa kamtsinje ka Kamwazi kunali ufumu wa Alibenazo, anthu olima fodya ndi maungu, amene mkangano wawo waukulu ndi anthu a ku Sitinagonje unali wa mbuzi zowoloka kukadya mmera.

Zinthu zinasokonekera pamene Mfumu Mwandiona Wachitatu inapita kuphwando la mafumu anzake. Mowa utafika m'mutu, mafumu aja anayamba kusimba nkhondo za makolo awo. Uyu agogo ake anapha chikwi ndi nthungo imodzi, uyo agogo ake anamenya nkhondo mutu ali nawo m'manja. Itafika nthawi ya Mwandiona, mfumu yathu inangoti kukhosi kwauma, n'kupempha madzi. Inabwerako nkhope ili ndwii, ndipo isanavule n'komwe nsapato inaitanitsa nduna zonse.

Nduna ya Chitetezo, a Mkonono, atawagwedeza kuti adzuke, anati njira n'njosavuta, tiwathire nkhondo Alibenazo mawa m'mawa. Nduna zinawomba m'manja. Kenaka wina anakumbutsa kuti pankhondo pamavulala anthu, ndiponso kuti nsapato za asilikali sizigwirizana ndi madzi. Kuwomba m'manja kuja kunazirala. A Mkonono anaganiza kwa kanthawi, maso ali chitsinzinire, n'kunena mawu amene mpaka lero analembedwa pachipata cha asilikali:

"Mwini dziko, nkhondo yabwino ndi imene inatha kale."

Tsiku lomwelo linatuluka lamulo lakuti mwezi usanathe ipezeke nkhondo imene makolo a Sitinagonje anapambana zaka zana zapitazo. Wopeza nkhondoyo anasankhidwa Yotamu Chisusu, mphunzitsi wa pasukulu ya Chamkoma, amene ankalemba masewero a ana a sukulu ndipo anali atalizapo mkazi wa mfumu ndi sewero la mwana wamasiye.

Tsono Yotamuyu ndikuuzeni za iye. Kusukulu anali aphunzitsi, ana kumugwadira, koma akangofika kunyumba ankasanduka mkamwini basi. Zaka khumi ndi ziwiri anali pamudzi pa akuchikazi, ndi mkazi wake Nakwenda ndi ana awo awiri, Tiyanjane ndi Sekani. Mkaziyo ankamukonda, anawo ndiye anali mtima wake weniweni. Minga inali imodzi, malume a Nakwenda, a Chikuse, mwini mbumba, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri ya lilime ngati lumo. Katatu konse Yotamu anapempha chitengwa kuti akamange pafupi ndi sukulu, katatu konse a Chikuse anakana. Chowawa kwambiri chinali mpando. Yotamu anagula mpando wandalema ndi malipiro ake oyamba, koma chiugulireni sanaukhalirepo masana, chifukwa a Chikuse ankabwera tsiku ndi tsiku, n'kuutulutsa okha m'nyumba, n'kukhalapo mpaka dzuwa kulowa.

Ntchito ya buku inayamba mokoma. Nduna iliyonse inkabwera kusukulu ndi nkhuku kukhwapa, kudzakumbutsa wolemba zimene agogo ake anachita pa Nkhondo ya pa Kamwazi, nkhondo imene Yotamu anali ataipatsa dzina Lachiwiri lapitalo. Agogo a Nduna ya Zaulimi anagwira zipolopolo ndi lichero. Agogo a Nduna ya Maphunziro anawerenga adani onse akuthamanga osaphonya ndi mmodzi yemwe. Agogo a a Mkonono ndiwo anatsogolera nkhondo yonse ali gone pansi pa mtengo, kunamizira tulo kuti apusitse adani. Yotamu ankalemba zonse, nkhuku n'kumatumiza kunyumba, a Chikuse n'kumadya ntchafu.

Koma luso nalo lili ndi matenda ake. Atawerenga zimene analemba, Yotamu anaona kuti nkhaniyo ndi yozizira. Anapita kwa mfumu n'kufotokoza kuti nkhani ya nkhondo yopanda wamantha ili ngati ndiwo zopanda mchere, ngwazi imaoneka bwino pakakhala wina wothawa. Mfumu inavomera, n'kufunsa kuti wothawayo anali agogo a ndani. Nduna zonse zinayamba kuyang'ana denga ngati likudontha. Mfumu inati wolemba akamupeze yekha m'kafukufuku wake, poti ndiye wodziwa.

Masana a tsiku lomwelo Yotamu anapeza a Chikuse ali pampando paja ndi alendo atatu. Asanapereke n'komwe moni, nkhalamba inamuuza kuti avule tayi akafolere nkhokwe, n'kutembenukira kwa alendo kuwafotokozera kuti mkamwini ndi tambala chabe, ntchito yake pakhomo n'njodziwika, akamaliza alibenso mawu. Alendo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Yotamu sanafolere nkhokwe. Analowa m'nyumba mtima ukuwira, natenga cholembera, nakumbukira dzina limene a Chikuse ankalitchula ponyadira pamaliro paliponse: Kamtedza, malume a malume awo, munthu wofatsa amene moyo wake wonse ankaluka mphasa.

Abale inu, mutu umenewo unakoma. Kamtedza wa m'buku atangomva kulira kwa mfuti yoyamba anataya nthungo, nataya chishango, nataya ndi nsalu yomwe. Anathamanga kuchokera pa Kamwazi, nadutsa m'dambo la Chinyezi, napitirira gwape amene anali atanyamuka kale, nakapezeka pamwamba pa phiri akufunsa anyani ngati nkhondo yatha. Yotamu ankalemba uku akuseka yekha. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, koma iye mwambi umenewu anali atausiya kusukulu.

Buku linawerengedwa pabwalo masiku atatu, ndipo pofika tsiku lachinayi dziko lonse linali likukumbukira nkhondo ija. Pamsika wa Tamvatamva nkhalamba zinkavula malaya kuonetsana zipsera. Mdala wina wogulitsa misampha ya mbewa, amene aliyense ankadziwa kuti anagwa panjinga, anati chake n'cha nthungo ya Alibenazo. Atamukumbutsa kuti nkhondoyo inachitika iye asanabadwe, anati n'chifukwa chake akunena kuti inali yoopsa. Mayi Nachisale ogulitsa tomato anangoti iwo akuthokoza boma, chifukwa chaka chatha anthu ankagona ndi njala wamba, koma tsopano akugona ndi njala ya opambana.

Sabata isanathe, wolengeza wa mfumu anafika pamsikapo ndi ng'oma yake. Lamulo linati madokotala a kunyumba yachifumu apeza kuti mantha amayenda m'bele. Choncho pofuna kuteteza dziko, onse a bele la Kamtedza awoloke Kamwazi Loweruka likudzalo, pa Tsiku la Ngwazi, akakhale ndi adani amene kholo lawo linawathawa, ndipo asadzabwerenso.

Yotamu anali pomwepo akugula tomato. Anaona m'maganizo mwake a Chikuse akuwoloka ndi kamtolo pamutu, anaona mpando uli mbee pakhonde, ndipo chimwemwe chinamutuluka m'mano. Mayi Nachisale anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi uku akumuikira pulaizi.

"Mukuseka bwino, aphunzitsi. Kodi ana anu aja anayamwa bele la ndani?"

Tomato anagwa pansi. Mwana wa m'kalasi yoyamba amadziwa kuti ana ndi a kwa mayi, koma mphunzitsi wathu mkwiyo unali utamuphimba m'maso. Nakwenda anali wa bele la Kamtedza. Tiyanjane ndi Sekani anali a bele la Kamtedza. Pakhomo ponse paja wotsala anali iye yekha ndi mpando.

Anapeza Nakwenda akusenda mtedza pakhonde. Mkaziyo anali atamva kale, koma sanakalipe, ndipo zimenezo ndizo zinamuopsa Yotamu koposa. Anangomuuza kuti Sekani wabwerako kusukulu akulira, anzake akumutcha kagwape, ndipo Tiyanjane wafunsa ngati kutsidya kuli sukulu.

"Mwala munaponyera malume, abambo a Tiya, koma wagwera ana anu. Munayamba nokha nkhondoyi. Kaithetseni."

M'mawa mwake Yotamu anagwada pamaso pa mfumu ndi nduna, naulula zonse. Anati nkhondo ya pa Kamwazi sinachitike, anaipeka iye pa tebulo la kusukulu, ndipo Kamtedza sanathawepo kanthu kupatula mvula. Kenaka a Mkonono anaimirira, koyamba m'zaka zisanu, nafunsa ngati kamnyamata aka kakutanthauza kuti agogo awo anagona pansi pa mtengo uja pachabe. Nduna ya Zaulimi inati lichero lija lilipo kwawo, aliyense wofuna akaone mabowo. Mfumu inamumvera chisoni wolemba, inati ntchito yamukulira, mutu watentha. Inalamula kuti amupatse buku la mbiri ya nkhondo akawerenge, aleke kulankhula za umbuli. Anamupatsa buku lake lomwe. Pomwepo panakhazikitsidwanso lamulo lakuti wokana Nkhondo ya pa Kamwazi azikwapulidwa zikoti khumi ndi ziwiri, kupatula lero lokha poti n'koyamba.

Yotamu anatuluka buku lili m'manja, masiku otsala ali anayi. Pamene ankadutsa pa mfuti yaikulu ija, nkhuku ili phee pamazira ake, anazindikira kuti bodza likakula salizula, amangolidulira nthambi kuti lipendekere kwina. Lachinayi anabwereranso kubwalo ndi mapepala amene anawadetsa ndi utsi, nati wapeza masamba ena a mbiri m'mphika wakale.

Masambawo ankati Kamtedza sanathawe chifukwa cha mantha ayi. Anathawa mwadala. Adani ataona munthu akuliyatsa liwiro lotero anamuthamangira onse, iye n'kuwalowetsa m'dambo la Chinyezi, kumene anatitimira m'matope mpaka m'chiuno. Nsalu anaitaya kuti apepukidwe. Anyani ankawafunsa aja anali akazitape ake. Kunena mwachidule, nkhondo yonse inapambanidwa ndi miyendo ya Kamtedza, ngwazi zinazo zinangobwera kudzatola adani ngati bowa.

Yotamu ankaopa kuti nduna zikwiya, koma kunali kusawadziwa akuluakulu. A Mkonono misozi inalengeza. Anati zaka zonsezi akhala akufunafuna ndondomeko ya chitetezo yosakhetsa magazi ndiponso yosanyowetsa nsapato, osadziwa kuti makolo anaisiya kale. Dzuwa lisanapendeke lamulo linali litadindidwa: msilikali aliyense wa Sitinagonje akaona mdani, aimbe wezulo, ataye chilichonse cholemera, athamangire kuphiri kudzera njira youma, ndipo asatsike mpaka mdani atabwerera kwawo. Woima chilili aziweruzidwa ngati woukira. Ndipo poti liwiro nalo limayenda m'bele, a Chikuse anasankhidwa kukhala Mkulu wa Asilikali a pa Kamwazi, n'kuwatumizira chipewa ndi mamendulo asanu ndi awiri.

Yotamu anapuma mpweya wa munthu amene watula mtolo. Anali akubwerera chambuyo kulunjika kukhomo pamene mfumu inakweza chala. Inati zonse zili bwino, koma Loweruka lakonzedwa kale, oimba malipenga aphunzira nyimbo, ng'ombe zagulidwa, ndipo anthu auzidwa kuti adzaona wamantha akuwoloka. Komanso wolemba yemweyu ndiye ananena kuti ndiwo zopanda mchere sizidyeka. Ngati Kamtedza anali ngwazi chifukwa chothawa, ndiye kuti wamantha ndi amene anauma ndi mantha osathawa. Ameneyo anali ndani?

Nduna zinayambanso kuyang'ana denga. A Mkonono anati ngati dzina silipezeka, palibe chovuta, masamba atsopanowa abwezedwe mumphika mpaka chaka chamawa, a Kamtedza awoloke monga mwa lamulo loyamba.

Yotamu anayang'ana nduna imodzi ndi imodzi. Akanatha kutchula agogo a wina aliyense pamsika, koma tsopano anali ataphunzira kuti dzina lililonse lili ndi ana ake. Linalipo dzina limodzi lokha m'dziko lonse limene kumbuyo kwake kunalibe mwana. Mayi ake a Yotamu anali okha m'mimba mwa mayi awo, iye anabadwanso yekha, wopanda mlongo, ndipo mayi ake ndi agogo akewo anali atamwalira kale. Mayi akewo analeredwa ndi malume awo a Mandota, amene ankawabereka pamapewa popita kumunda ndi kuwatolera masuku. Yotamu sanawaonepo a Mandota, koma ankawakonda chifukwa cha mmene mayi ake ankatchulira dzina lawo. Anapepesa mumtima asanatsegule pakamwa.

"Mwini dziko, anali Mandota. Wa bele lake wotsala ndi mmodzi, ndipo wagwada pamaso panu."

Mfumu inati taonani kukhulupirika kwa wolemba mbiri, sabisa ngakhale manyazi a kwawo. Inalamula kuti amuwombere m'manja, ndiponso kuti Loweruka asachedwe.

Loweruka dziko lonse linasonkhana pa Kamwazi. Malipenga analira, mfumu inalankhula maola awiri, a Chikuse anaima patsogolo pa asilikali chifuwa chili patali, mamendulo ali ngwee. Ana a sukulu anaimba nyimbo yonyoza Mandota, ndipo Tiyanjane anali pamzere wachiwiri, pakamwa ali chitsekere. Yotamu anawakumbatira ana ake, misozi osaibisa. Nakwenda yekha ndiye maso anali gwa. Anamupatsa kamtolo kopepuka modabwitsa, namuuza kuti malaya enawo wachapa sanaume, adzatenge mawa. Yotamu anaganiza kuti chisoni chamusokoneza mutu mkazi wake, ndipo mtima unamupweteka kawiri. Anavula nsapato, napinda buluku, nawoloka. Madzi a malire a dziko anamulekeza m'akakolo.

Kutsidya anamulandira mlimi wina wa fodya, namupatsa malo m'chigafa. Yotamu atamufotokozera kuti Alibenazo anagonja pa nkhondo yoopsa zaka zana zapitazo, mlimiyo anati pepani, kunoko uthengawo sunafike, koma ngati zinaterodi ndiye kuti zinatero. Kenaka anafunsa ngati kwawoko kuli wodziwa mwini wa mbuzi yamawanga imene ikumuthera maungu.

M'mawa kutacha Yotamu anatsikira kumtsinje, kuti angoona utsi wa pakhomo pake. Kutsidya asilikali makumi atatu anali ndandanda kuyang'anira malire, a Chikuse ali pakati. Chapafupi pomwepo, m'dimba, Nakwenda anali kuthirira mpiru. Atamuona mwamuna wake anaweramuka, namukodola ndi dzanja monga ankachitira pomuitana kudzadya. Yotamu analoza asilikali. Nakwenda anagwira m'chiuno, namukodolanso, tsopano mwaukali. Munthu amene wakhala pabanja zaka khumi ndi ziwiri amadziwa choopa pakati pa mfuti makumi atatu ndi dzanja limenelo. Anaponda m'madzi.

"Mdani!"

Wezulo inalira. Mfuti zinagwa pansi, zipewa zinauluka, fumbi linati kobo. Asilikali a Sitinagonje anachita monga mwa lamulo, osaphonya ndi chilembo chimodzi. Koma amene anadabwitsa anthu ndi a Chikuse. Nkhalamba imene inkadandaula nyamakazi pofuna kutuma mkamwini inapitirira anyamata onse, mamendulo akulira ngati mbuzi ya belu, ndipo inali yoyamba kufika paphiri. Amene anaona anati zoonadi, za m'bele sizinama.

Yotamu anaima pamchenga kukamwa kuli yasa. Lamulo lothawira kuphiri lija linabadwa m'cholembera chake, koma analiwerenga ndi mkazi wake. Anayenda njira ya kumudzi popanda womufunsa, ana akumuthamangira, Sekani n'kumukwera pamsana. Kunyumba yachifumu uthenga unali utafika kale wakuti adani alowa m'dziko ndipo asilikali athu awathawa mwa ungwazi popanda wovulala, moti mfumu inalamula kuti tsikulo lilembedwe m'buku ngati kupambana kwachiwiri.

Pakhonde mpando wandalema unali pomwe a Chikuse anausiya dzulo lake. Yotamu anauzungulira kamodzi, naupukuta ndi dzanja, nakhalapo pang'onopang'ono, dzuwa lili pamutu. Anatambasula miyendo, natsinzina. Nakwenda anatuluka ndi mbatata yootcha m'mbale, naika pambali pake, namusiya adye ziwiri mwamtendere. Atatambasula dzanja kuti atenge yachitatu, anamva chinthu chikugwa pamapazi pake. Chinali chikwakwa.

"Dzuwa likapendeka mubwerere kutsidya, malume atsike adzadye, mawa mudzawathamangitsenso," anatero Nakwenda. "Koma musananyamuke, nkhokwe ija ikudonthabe. Kwa mfumu ndinu mdani, abambo a Tiya. Pano ndinu mkamwini."